Mwana Alembe Yekha, Makina Achonge: Chingerezi cha Ana a ku Tete

Mzinda wa Tete unakhala pamphambano. Msewu wochokera ku Blantyre, wodzera pa Mwanza ndi Zóbuè, umawoloka Zambezi pomwepa n'kupitirira ku Cuchamano, kumene umalowa m'Zimbabwe pachipata cha Nyamapanda. Msewu wina umapatuka kulowera kumpoto mpaka pa Cassacatiza, m'malire a Zambia. Malole amene kale ankafola kudikira kuwoloka mlatho wa Samora Machel, uja wolendewera pazingwe, masiku ano amadzera pa mlatho wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014. Madalaivala ake ndi a ku Malawi, Zimbabwe, Zambia ndi South Africa, ndipo Chichewa kapena Chishona chikalephera kugwirizanitsa anthu, chimene chimatsala ndi Chingerezi.

Mozambique ndi dziko la Chipwitikizi, koma maiko onse 6 amene linachita nawo malire amagwiritsa ntchito Chingerezi m'boma kapena m'sukulu. Mu 1995 dzikoli linalowa m'bungwe la Commonwealth ngakhale silinalamulidwepo ndi Britain. Kenaka kunabwera malasha. Ku Moatize, makilomita 20 okha kuchokera mumzinda, kampani ya Vale ya ku Brazil inayamba kutulutsa malasha mu 2011. Rio Tinto inagwirako ntchito pa mgodi wa Benga n'kuugulitsa kwa Amwenye a ICVL mu 2014, ndipo mu 2022 mgodi wa Moatize unapita m'manja mwa Vulcan, yomwenso eni ake ndi a ku India. Mnyamata wa ku Chingodzi kapena ku Matundo amene akufuna ntchito yabwinoko kumigodi, kuhotelo kapena kumabungwe amadziwa kuti tsiku lina adzafunika kulemba kalata, lipoti kapena uthenga m'Chingerezi, ndipo bwana adzamuyeza ndi zimene walembazo asanamuone n'komwe nkhope.

Makolo ambiri a m'chigawo cha Tete safunika kuuzidwa zimenezi. Pa nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ambiri a iwo ochokera ku Tete komweko. Ana amene anakulira ku Mwanza, ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Nsanje anaphunzira Chingerezi m'sukulu za kumeneko, ndipo atabwerera kwawo ena chinawapezetsa ntchito yomasulira, yauphunzitsi ndi ya m'mabungwe. Lero ndiwo abambo ndi amayi, ena ndi agogo, ndipo amafuna ana awo achidziwe.

Katundu wa mwana ndi katundu wa mphunzitsi

Mwana wa mumzinda wa Tete amafika pa Chingerezi atasenza kale zinenero ziwiri. Kunyumba amayankhula Chinyungwe, kapena Chichewa ngati kwawo ndi ku Angónia, Tsangano, Macanga kapena Chifunde. Kusukulu amapeza Chipwitikizi. Chigawo cha Tete chili ndi mbiri yake pankhani ya zinenero m'kalasi, pakuti pamene boma linkayesa kuphunzitsa ana m'chinenero chawo kuyambira 1993 mpaka 1997, pa ntchito yotchedwa PEBIMO, linasankha Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza. Chingerezi chokha chimabwera mochedwa. Silabasi ya mu 2004 inachiika kuyambira kalasi 6, ndipo lamulo la maphunziro la mu 2018 linasinthanso kayalidwe ka makalasi, kalasi 7 n'kusamukira ku sekondale. Mwana wa sukulu ya boma amakumana ndi Chingerezi cha pabolodi atapitirira kale zaka 10, pomwe mnzake wa tsidya lina la malire, ku Mwanza, anayamba kuchimva ali mu Sitandade 1.

Komatu vuto lenileni silili pa kuyamba mochedwa. Lili pa kuchonga. Kulemba sikuphunziridwa pomvetsera. Mwana ayenera kulemba, wina awerenge, amulozere pamene papotoka, iye akonze n'kulembanso. Tiyerekeze kuti mphunzitsi wa Chingerezi ali ndi makalasi 6, m'kalasi iliyonse muli ana 60. Akapereka chimangirizo chimodzi, amabwerera kunyumba ndi makope 360. Kope lililonse akaliyang'ana kwa mphindi 5 zokha, ntchitoyo ndi ya maola 30, ndipo amaigwira usiku, m'nyumba ya malata, mumzinda umene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Nanga angapereke zimangirizo zingati pachaka? N'chifukwa chake phunziro la mphindi 45 limathera pa kukopera malamulo a galamala ndi kudzaza mawu m'mipata. Aphunzitsi si aulesi ayi, ntchito ndiyo yaposa manja. Banja lopezako bwino limalipira explicação, maphunziro apadera a masana kapena a kumapeto kwa sabata. Ana enawo amatha chaka chathunthu osalembapo ndime imodzi yakeyake imene munthu wamkulu waiwerenga mofatsa.

Pampata umenewu ndi pamene makina a nzeru zochita kupanga, amene anthu amangowatchula kuti AI, angathe kulowapo. Funso ndi lakuti alowe kudzagwira ntchito iti.

Makinawa ndi otani

Pa 30 Novembala 2022 kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT, ndipo posakhalitsa kunatulukanso Copilot ya Microsoft, Gemini ya Google, Claude ya Anthropic ndi ena. Mu Epulo 2024 kampani ya Meta inaika AI yake m'kati mwa WhatsApp m'maiko angapo, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, maiko atatu amene azungulira chigawo cha Tete.

Kagwiridwe kake ka ntchito si ka matsenga. Opanga makinawa amawadyetsa zolembedwa zochuluka zedi, mabuku, nyuzipepala ndi masamba a pa intaneti, n'kuwaphunzitsa chinthu chimodzi mobwerezabwereza: kulosera mawu amene ayenera kutsatira mawu amene alipo kale. Akabwereza zimenezi kambirimbiri, makina amafika pozindikira kayalidwe ka chiganizo, kusintha kwa mneni malinga ndi nthawi, ngakhalenso kusiyana kwa kalata ya kwa bwana ndi kalata ya kwa mnzako. Pambuyo pake anthu amawawongolera kuti aziyankha mafunso ndi kutsatira malangizo. Popeza gawo lalikulu la zolembedwazo ndi la Chingerezi, galamala ya Chingerezi amaidziwa bwino kwambiri, ndipo satopa, sakwiya, sachititsa mwana manyazi pamaso pa anzake. Koma pachifukwa chomwecho amatha kunena zabodza molimba mtima, pakuti chimene anaphunzira ndi kupanga chiganizo chomveka bwino, ndipo chiganizo chomveka bwino sichikhala choona nthawi zonse.

Ndime imodzi, njira ziwiri

Tiyeni tione pafupi. Mtsikana wa kalasi 8 wauzidwa kuti alembe za amayi ake, ndipo m'kope mwake walemba motere:

"I have 13 years. My mother she sell fish in the market. He wake up at 4 hours. Yesterday I go with him because was Saturday."

Mphunzitsi wozolowera ana a kuno amadziwa kumene cholakwa chilichonse chachokera. Ponena zaka, mwanayu watsatira Chipwitikizi, chimene pamenepa chimagwirizana ndi chinenero cha kunyumba, chifukwa ifenso timati "ndili ndi zaka 13". Amayi ake wawasandutsa mwamuna chifukwa mlowam'malo wathu sasankha mwamuna kapena mkazi. Nthawi waitchula monga amaitchulira kusukulu ndi pawailesi. Zolakwa zoterezi ndi umboni woti mwanayo akuganiza, akumanga chiganizo ndi zipangizo zimene ali nazo. Ndiponso ndimeyo ili ndi moyo: muli nsomba, muli mbandakucha, muli mwana wotsatira mayi ake kumsika.

Njira yoyamba ndi imene imabwera yokha. Mwanayo, kapena mchimwene wake amene ali ndi foni, amalemba ndimeyo m'makina n'kuwauza kuti aikonze. M'kanthawi kochepa kumatuluka ndime yosalala, yopanda cholakwa, yokhala ndi mawu amene mtsikanayo sanawaonepo. Iye amaikopera m'kope, aphunzitsi amapereka malikisi, ndipo sabata yotsatira amayi ake amakhalanso "he". Choipa kwambiri n'chakuti ulendo wachiwiri sayambanso n'kulemba komwe. Amangopereka mutu wa chimangirizo, makina n'kulemba zonse. Munthu amene tsiku lililonse amakwera kabaza amafikadi kumene akupita, koma kupalasa njinga sakudziwa.

Njira yachiwiri imayamba ndi mphunzitsi. Asanapereke foni kwa ana, iye amalembera makinawo malangizo, m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi: kuti amene akucheza nawo ndi ana ongoyamba kumene, kuti asalembenso ndime ya mwana ngakhale mwanayo apemphe, kuti asankhe zolakwa ziwiri zokha, ndipo pa chilichonse afunse funso m'Chipwitikizi chosavuta m'malo mopereka yankho. Tsopano mtsikana uja akalowetsa ndime yake, makina amamufunsa kuti munthu amene amadzuka m'mamawayo ndi mwamuna kodi kapena mkazi, ndipo Chingerezi chimamutchula bwanji. Iye amayang'ana, amaseka, amakhwatcha "he" n'kulemba "she". Funso lachiwiri likunena za dzulo: ulendowo unachitika kale, nanga mneni wakuti "go" asinthe bwanji? Apa mwina sakudziwa, ndiye amafunsa mnzake wapambali, kapena amatsegula buku. Zolakwa zina zatsala, ndipo zitsale ndithu, zidzakonzedwa sabata ya mawa. Kenaka makina amamufunsa kuti nsombazo ndi za mtundu wanji, ndipo amayi amakazitenga kuti. Kuti ayankhe, mtsikanayo ayenera kulemba ziganizo zina ziwiri zimene palibe makina angamulembere, za chicoa chouma chothira mchere chochokera kunyanja ya Cahora Bassa, kapena za kapenta wopima ndi kambale pamsika wa Kwachena.

Foni ndi yomweyo, pulogalamu ndi yomweyo, ndalama za intaneti n'zofanana. Kusiyana konse kwagona pa malangizo ochepa amene mphunzitsi analemba poyamba, ndi pa lamulo lakuti cholembera chikhale m'dzanja la mwana.

Zimene zinaoneka ku Nigeria ndi ku Turkey

Izi si zongoganizira. Pakati pa chaka cha 2024, boma la chigawo cha Edo ku Nigeria mogwirizana ndi World Bank linayesa njira yonga imeneyi mumzinda wa Benin City. Kwa masabata 6, ophunzira a sekondale ankatsalira akaweruka, kawiri pasabata, n'kukhala awiriawiri pakompyuta kuphunzira Chingerezi ndi Microsoft Copilot. Aphunzitsi anali pomwepo: ankayambitsa phunziro, ankapereka malangizo okonzeratu oti makina atsatire, ankayendayenda kuona zimene ana akuchita, ndipo ankawaphunzitsa kukayikira makina akanama. Pamapeto anawo analemba mayeso a papepala, popanda kompyuta, ndipo anaposa anzawo amene sanachite nawo. Anakhozanso bwino mayeso a kumapeto kwa chaka. Atsikana, amene poyamba ankatsalira m'mbuyo, ndiwo anapindula koposa. Zonsezi zinachitika ngakhale magetsi ankazimazima, intaneti inkadukaduka, ndipo mvula inkalepheretsa ana ena kubwera.

Ku Turkey, akatswiri a yunivesite ya Pennsylvania anayesa ophunzira a sekondale pafupifupi 1,000 pa masamu. Gulu lina linapatsidwa makina osawaikira malire. Pa nthawi yoyeserera linakhoza kwambiri kuposa amene analibe makina, koma atalandidwa makinawo pamayeso linatsika ndi 17 peresenti poyerekeza ndi anzawo amene ankaphunzira ndi mabuku okha. Gulu lina linapatsidwa makina omwewo koma olangizidwa kuti azingolozera njira osapereka yankho, ndipo kutsika kuja sikunaoneke. Phunziro lake linali masamu, koma nkhani yake ndi ya mtsikana wa nsomba uja.

Aliyense wofuna kutengera za ku Edo akumbukire kuti ana a kumeneko anali a zaka pafupifupi 15, okulira m'dziko limene sukulu zambiri zimayenda m'Chingerezi. Mwana wa ku Tete wa zaka 12 akuyamba kumene, ndipo sangathe ngakhale kufunsa funso lake m'Chingerezi. Iyeyu amafuna mphunzitsi pafupi kuposa mnzake wa ku Benin City.

Pamene makina amapunthwa

Chinenero cha kunyumba ndicho chopunthwitsa choyamba. Chipwitikizi makinawa amachidziwa bwino, ngakhale kawirikawiri amapendekera ku Chipwitikizi cha ku Brazil mpaka utawauza kuti asatero. Chichewa chinalowa mu Google Translate mu 2014, ndipo makina atsopanowa amachiyesa, koma amasokoneza magulu a maina ndi kupeka mawu amene kulibe. Chinyungwe, chimene zolembedwa zake pa intaneti n'zochepa kwambiri, ndiye amangochiphatikiza ndi Chisena kapena Chichewa. Choncho mwana amene Chipwitikizi chimamuvutabe amakhala akufotokozeredwa chinenero chachitatu kudzera m'chachiwiri chimene sanachigwire. Amene angatsike naye mpaka m'chinenero cha kwa amayi ake ndi mphunzitsi, kapena mnzake wa pabenchi.

Makinawa sadziwanso bwino dziko la mwanayo. Mukawauza kuti alembe chitsanzo cha chimangirizo chonena za tchuthi kapena za chakudya cham'mawa, amatulutsa moyo wa ku America kapena ku England. Mwana akamawerenga zitsanzo zoterezi mobwereza amayamba kuganiza kuti malambe, masawu, mbuzi zogona pansi pa mlambe ndi mabwato a pa Zambezi si zinthu zoyenera kulembedwa m'Chingerezi. Amalemba za chipale chofewa chimene sanachionepo, ndipo amalemba mopanda mtima. Mankhwala ake ndi osavuta: mphunzitsi apereke mitu imene yankho lake lili kunyumba kwa mwana, monga njira yochokera kwawo kufika kusukulu, zimene agogo amanena za nthawi ya nkhondo, kapena mitengo ya zinthu pamsika sabata ino. Mitu yotereyi imabala zolemba zabwino, ndipo ndi yovuta kubera.

Pa kubera pomwepa pali chenjezo lofunika. Pali mapulogalamu amene amati amatha kuzindikira ngati cholembedwa chalembedwa ndi makina. Mu 2023 akatswiri a yunivesite ya Stanford anayesa mapulogalamu 7 otere pa zimangirizo 91 za mayeso a Chingerezi a TOEFL zolembedwa ndi anthu amene Chingerezi si chinenero chawo. Zoposa theka zinaweruzidwa kuti n'za makina, pomwe zolemba za ana a ku America zinkadutsa bwinobwino. Chifukwa chake n'chakuti wophunzira chinenero amagwiritsa ntchito mawu ochepa ndi ziganizo zosavuta, ndipo mapulogalamuwo amaona zimenezo ngati chizindikiro cha makina. Chaka chomwecho OpenAI inatseka pulogalamu yake yotereyi chifukwa inkalakwitsa kwambiri. Mphunzitsi asalange mwana chifukwa cha mawu a pulogalamu. Ngati akukayika, amuitane, amufunse tanthauzo la mawu awiri kapena atatu m'chimangirizocho, ndipo zoona zimadziwika pomwepo.

Palinso msinkhu. Malamulo a ChatGPT salola mwana wosakwana zaka 13, ndipo wosakwana zaka 18 amafunika chilolezo cha makolo. Bungwe la UNESCO, m'malangizo ake a mu Seputembala 2023, linatchulanso zaka 13. Ana ambiri a kalasi 7 ali pamalire penipeni pa msinkhuwu. Kwa iwo foni ikhale ya mphunzitsi ndipo ikhale m'manja mwake. Dzina la mwana, chithunzi chake ndi kumene amakhala zisalowetsedwe m'makina.

Foni imodzi m'kalasi ya ana 60

Ena adzati zonsezi ndi za ana a anthu olemera, ndipo sakunama kwenikweni. M'Mozambique anthu ogwiritsa ntchito intaneti ndi pafupifupi mmodzi mwa asanu. Damu la Cahora Bassa ku Songo limatha kupanga magetsi oposa mamegawati 2,000, ambiri amapita ku South Africa, ndipo sukulu zambiri za m'maboma a chigawo chomwecho zilibe poti n'kutchajira foni. Ma megas a intaneti a Vodacom, Movitel kapena Tmcel amagulidwa ndi ndalama zomwenso zikufunika pa ufa. Makinawa akangosiyidwa kuti aliyense adzionere yekha, amene adzapindule ndi mwana yemwe uja amene amapita kale ku explicação.

N'chifukwa chake malo oyambira si kugawira ana mafoni. Ndi foni imodzi ya mphunzitsi. Mawu olembedwa sadya ma megas ambiri ngati mavidiyo. Mphunzitsi atha kujambula makope 10, atabisa maina, n'kupempha makina kuti asonkhanitse zolakwa zimene zikubwerezedwa. Akapeza kuti ana ambiri akuiwala mneni wa nthawi yakale, phunziro la mawa lapezeka. Atha kupempha kankhani kafupi ka mawu osavuta konena za basi yopita ku Moatize, n'kukawerenga bwinobwino, kukonza zimene makina anama, n'kukalemba pabolodi. Atha kugawa ana m'magulu kuti gulu limodzi patsiku lilandire mafunso a makina pa ndime zawo, enawo akulemba. Ku Malawi, ntchito ya BEFIT imene inayamba mu 2023 yaonetsa kuti zipangizo zochepa zotchajidwa ndi dzuwa zingathe kuzungulira ana ambiri mosinthana, ngakhale mapulogalamu ake ndi a kuwerenga ndi masamu a makalasi oyambirira.

Ntchito imeneyi imafuna mphunzitsi wodziwa Chingerezi mokwanira kuti agwire makina akalakwitsa, ndiponso wodziwa kuwalangiza. Mumzinda wa Tete muli nthambi ya Universidade Púnguè, imene inabadwa mu 2019 kuchokera ku Universidade Pedagógica ndipo imaphunzitsa aphunzitsi. Kumalo ngati amenewo, ndi m'misonkhano ya aphunzitsi ya m'sukulu, ndi kumene luso lolembera makina malangizo liyenera kuphunzitsidwa, pamodzi ndi luso lakale la kuchonga ndi cholembera chofiira.

Kwa inu aphunzitsi: ndime yoyamba ilembedwe m'kalasi, m'kope, inu mukuona, foni isanatuluke m'thumba. Kwa inu amayi ndi abambo amene mwana wanu amabwereka foni madzulo kuti achite TPC, ntchito ya kusukulu yochitira kunyumba, musadandaule kuti Chingerezi simuchidziwa. Mufunseni akuonetseni kope. Ngati muli mokhwatchakhwatcha ndi molembanso, mwanayo akuphunzira. Ngati chimangirizo chatuluka choyera kuyambira pamwamba mpaka pansi, muuzeni akufotokozereni m'Chinyungwe kapena m'Chichewa zimene walembazo, mzere ndi mzere, musanamubwerekenso foniyo.